Mmene Tinagwadira Namkwapu

Ife a mu Ufumu wa Pepanitu, ngati pali chinthu chimene Namalenga anatipatsa mosaumira, ndi ulemu. Mvula amatipatsa mochita kuyeza, misewu anatimana, koma ulemu wokha anakhuthula thumba lonse n'kulikutumula. Kwathu kuno munthu akakuponda phazi wopepesa ndiwe, chifukwa phazi lakolo limafuna chiyani pansi pa nsapato ya mnzako? Wamkulu aliyense timamugwadira n'kumuombera m'manja, ndipo mwana asanadziwe kuyenda amakhala atadziwa kale kugwada. Mukafuna kutizindikira pakati pa anthu a mayiko ena musavutike n'kuyang'ana nkhope, ingoyang'anani mawondo a buluku.

Ndiye chaka china mvula inalekerera, dambo la Tiyembekeze limene lili kumunsi kwa likulu n'kusefukira. Madzi ataphwera, m'matopemo munatuluka chilombo chimene tinkangochimva m'nyimbo za pamtondo: namkwapu.

Kwa inu amene simunamuonepo, namkwapu ndi mbale wake wa chule, kungoti iye pokula anaiwala kuleka. Akakhala pansi amalingana ndi nkhokwe yaing'ono yosafolera. Amabadwira m'madzi ali ambululu ambirimbiri, aliyense wonenepa ngati munsi, ndipo chakudya chawo choyamba ndi abale awo omwe. Amadyana okhaokha mpaka patatsala mmodzi, ndipo wotsalayo ndiye amamera miyendo n'kutulukira kumtunda. Anthu ena apakamwa amati umu ndi mmenenso banja lachifumu limapezera wolowa ufumu, koma zimenezo ndi zawo, ife sitinamve.

Khungu lake ndi loterera, lamatuzamatuza, ndipo amapumira momwemo, n'chifukwa chake satalikirana ndi matope. Mano alibe. Chida chake ndi lilime, lalitali, lomata ngati ulimbo, limene amaliponya kuti kwapu! n'kulibweza lili ndi ndiwo. Satafuna. Pomeza amatsinzina, chifukwa maso akewo amalowa m'mutu n'kumathandiza kukankhira chakudya kummero. Koma nkhani yaikulu ili pa kaonedwe kake. Namkwapu saona chinthu choimirira. Chilichonse chimene chaima njo, kaya ndi munthu kaya ndi mzati, kwa iye ndi mtengo basi. Amaona chokhacho chimene chatsikira pansi n'kumagwedera: mbuzi yogwada pomwa madzi, nkhumba yofukula matope, galu wonunkhiza. Makutu akenso, timing'oma tiwiri tili kuseri kwa maso, amakonda phokoso la phwaphwaphwa, poti ndi mmene ziboda za mbuzi zimalirira m'thope.

Taonani tsono tsoka lake. Chilombo chodya zogwada ndi zolira phwaphwaphwa chinasiya mayiko onse a anthu amwano n'kudzatulukira kwa ife.

Choyamba anameza tonde wa mfumu. Mfumu Sindinalakwe Wachinayi anaitanitsa bwalo la nduna tsiku lomwelo, ndipo mkulu wa asilikali anafika atanola kale mikondo. Koma asanatsekule pakamwa, Nduna ya Ulemu ndi Mwambo, a Kanyambita, anali atakhwekhwereza kale mawondo kufika pamapazi a mfumu.

"Mfumu ya mafumu, inu mkuyu wodyetsa mbalame zonse," anatero a Kanyambita, "ndingofunsa mwa umbuli wanga. Tonde uja anali wa yani?"

"Wanga," inayankha mfumu.

"Ndiye kuti wadya kwanu. Mwambo wathu umati wadya cha mfumu ndi mlendo wa mfumu. Tiphe mlendo amene wadya kale pakhomo pano? Mayiko oyandikana nafe adzatiyesa anthu otani?"

Mfumu inakanda chibwano.

"Komanso," anapitiriza a Kanyambita, "abusa a mbuzi aona ndi maso awo kuti atameza anatsinzina. Ndi mlendo wopemphera ameneyu, bwana. Nduna zina muno zimadya zanu osatsinzina n'komwe."

Bwalo lonse linaomba m'manja. Mkulu wa asilikali anaomba kuposa onse, n'kunena kuti iyenso amafuna kunena zomwezo, mikondoyo anangobwera nayo kuti aione ngati ili ndi dzimbiri.

Masana omwewo galimoto ya chimkuzamawu inazungulira likulu kulengeza lamulo. Kuyambira tsiku limenelo chilombocho chinali Olemekezeka a Namkwapu, Mlendo wa Mfumu. Aliyense wodutsa kudambo anayenera kugwada n'kuomba m'manja. Kufunsa tsiku limene mlendo adzanyamuke kunali mlandu, monga mmene zilili pakhomo lililonse la anthu oleredwa bwino. Ndipo mawu oti "wamezedwa" analetsedwa, poti ndi onyoza mlendo. Munthu akasowa kudambo tinkayenera kunena kuti walandiridwa.

Boma linatumizanso komiti ya akatswiri kuti ikafufuze makhalidwe a mlendoyo. Anapita atavala masuti, n'kugwada pamzere m'mphepete mwa matope. Amene anabwerako, ndipo anabwera akuthamanga, anapereka lipoti loti mlendo ndi wansangala kwambiri, ndiponso kuti wapampando wa komiti watsalira kuti apitirize kafukufuku ali mkati.

Kumsika wa Ndangomva nkhani inali yomweyo kuyambira pa tomato mpaka pa kaunjika.

"Mwamva? Mphunzitsi wamkulu wa ku Chetechete walandiridwa."

"Mwayi wake. Ife kumaofesi a boma timaswera pakhonde osalandiridwa."

"Musadandaule, paja amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka."

"Mame a chaka chino ndiye akunenepa, achimwene."

Musaganize kuti sitinkadziwa. Tinkadziwa tonse, ndi ana omwe. Amayi otunga madzi ankadutsa pamphuno pa namkwapu m'mawa uliwonse, zidebe zili pamutu, ndipo popeza munthu wosenza chidebe sagwada, palibe ngakhale mmodzi amene anakhudzidwa. Chidakwa china chinataya madzi pamsana pake chili chilili, chikuyesa chulu, n'kupita kwawo chikuimba. Nduna nazonso zinkadziwa, n'chifukwa chake zinkapereka moni kwa mlendo zitaimirira pamwamba pa lole. Koma kudziwa ndi kwina, kukhala iwe munthu woima njo pamaso pa mlendo wa mfumu anthu akuona ndi kwinanso. Ambiri ankati akafika kudambo n'kuona kuti pali wina akuyang'ana, mawondo ankangopindika okha.

Kenaka a Kanyambita anakumbukira chinthu chochititsa manyazi. Mlendo anali atakhala nafe nyengo yonseyi osapatsidwa malonje! Kwathu mlendo akafika, wina amagwada pafupi naye, kumuuza za pamudzi ndi kumufunsa za kumene wachokera. Popanda zimenezo ndiye kuti simunamulandire. Bwalo linagwirizana kuti pakhale tsiku lalikulu la malonje, ndipo litafika pa funso loti apereke ndani, nduna zonse zinagwidwa ndi kudzichepetsa koopsa. Iliyonse inati ulemu wotere ndi woyenera munthu wamba.

Anasankha a Zefaniya Kamtedza, telala wa pakhonde la sitolo ya kumsika, amene ankasoka zigamba za m'mawondo za theka la likulu. Pa nkhani ya ulemu bambo ameneyu analibe mnzake. Foni ya apongozi ake ankayankha atagwada, chipewa chili m'manja. Amithenga a mfumu atamuuza kuti wasankhidwa, anathokoza kwambiri, n'kuwaperekeza mpaka pamsewu, kenaka n'kubwerera kukakhala pamakina ake.

Mkazi wake, Nazimbiri, ankagulitsa tomato mumsika womwewo, ndipo pakamwa pake sipankadutsa ntchentche. Atamva anasiya tomato yense kwa mnzake n'kuthamangira kukhonde kuja. Anapeza mwamuna wake akusoka zigamba zatsopano pa buluku lake la kutchalitchi.

"Bambo a Dolika, mukusoka chiyani?"

"Zigamba, amayi. Kudambo kuli matope."

"Ndiye mukumukonzera chuleyo ndiwo zovala bwino? Muikemonso mchere m'thumba, asakavutike."

"Tsitsani mawu, amayi, ndi Olemekezeka."

"Olemekezeka a chiyani, chule! Tamverani kuno. Mukakafika pamenepo mukaime njo. Malonje mukapereke muli chilili. Sakakuonani n'komwe, inunso mukudziwa."

A Kamtedza anaimitsa makina. "Chilili? Pamaso pa mfumu ndi dziko lonse? Anthu adzati ndinaleredwa ndi yani?"

"Adzanena muli moyo, mukumva ndi makutu anu."

"Nanga malemu bambo anga kumandako adzagona bwanji?"

"Agona kale amenewo, sadzuka. Ine ndi amene sindidzagona." Apa mawu a Nazimbiri anasintha, anakhala pansi pambali pa makina n'kugwira mwendo wa mwamuna wake. "Ndikuopa, bambo. Ndinakwatiwa ndi inu, osati ndi ulemu wanu. Ulemu sudzandifolerera nyumba, ulemu sudzamuperekeza Dolika tsiku la ukwati wake. Sindikufuna kukhala wamasiye chifukwa cha chule. Mukandisiya sindidzakukhululukirani."

A Kamtedza anali asanaonepo mkazi wawo akulira pagulu. Anayang'ana buluku lija, n'kuyang'ana mkaziyo, kenaka anati, "Chabwino amayi, ndikaimirira."

Kunena kunali kosavuta. Nazimbiri anayamba kuwaphunzitsa kuima, ndipo inali ntchito yoposa kuphunzitsa bulu kuvina. Anaitana malume ake kuti a Kamtedza ayesere kupereka moni ali chilili, koma malumewo atangotulukira pakona ya nyumba, munthu anali kale pansi akuomba m'manja. Anayesa ndi mkulu wa mpingo, zomwezo. Anayesa ndi chipewa cha mkulu wa mpingo chokha atachikoleka pamtengo, mawondo anapindikabe. Pomaliza Nazimbiri anatenga chikwanje, nakadula nsungwi, n'kuzing'amba. M'mawa wa tsiku la malonje anamangirira nsungwizo ndi luzi kumiyendo ya mwamuna wake, kuyambira m'ntchafu mpaka m'akakolo, buluku n'kuvala pamwamba.

"Tsopano gwadani tione," anatero.

A Kamtedza anayesa, koma miyendo inakana.

"Eya. Lero mubwera kunyumba."

Tsikulo dziko lonse linakhamukira kudambo. Tinaima kuseri kwa chingwe, patali ndithu ndi pofika lilime, poti ulemu wathu ulinso ndi nzeru zake. Mfumu inakhala mutenti pamwamba pa chulu, nduna zili pa lole yawo kuti zione bwino. Amayi anavina, bandi inaimba, ndipo namkwapu anali phee m'matope ake, mmero wokha ukugunda, zimene a Kanyambita anatimasulira pachimkuzamawu kuti mlendo akuvomereza zonse.

"Anthu anga," inatero mfumu, "mayiko ena ali ndi migodi, ena ali ndi ndege. Ife tili ndi mlendo. Ndani mwa mafumu anzanga amene anachezeredwapo ndi mlendo wamkulu chonchi? Chibwerere iyeyu ulova watsika m'dziko muno, mizere ya kuchipatala yafupika, ndipo odandaula akuchepa tsiku ndi tsiku. Amene ali ndi maso aone!"

Tinaomba m'manja, nthungululu zili pokopoko, ndipo namkwapu anatembenuzira mutu kumene kunkachokera phokosolo.

Kenaka anaitana a Kamtedza. Anatuluka pagulu akuyenda tang'atang'a, thukuta lili kamukamu. Pambuyo pawo pankabwera Nazimbiri atasenza lichero la ufa, poti mwambo umati mphatso ya mlendo amasenza ndi mkazi wa wopereka malonje. Anadutsa chingwe, anatsika mpaka m'mphepete mwa matope, ndipo a Kamtedza anaima pamaso penipeni pa chilombocho. Anavula chipewa. Tonse tinadikira kuti atsike.

Sanatsike.

"Takulandirani, Olemekezeka," anatero. "Kuno tili bwino, kungoti anthu akuchepa. Kaya inu kumene mwachokera?"

Namkwapu anangoti maso tong'o, akuyang'ana kupyola munthuyo monga mmene ankayang'anira mitengo. Lilime silinatuluke. A Kamtedza anamaliza malonje onse mpaka za mvula ndi za chimanga, ali moyo, ndipo kumbuyo kwawo Nazimbiri ankamwetulira misozi ikutsika.

Pakanakhala pa anthu ena, apa pakanabuka chimwemwe. Munthu waonetsa poyera, mfumu ikuona, kuti chilombochi n'chosavuta: ingoimirirani basi. Koma ife ndife a Pepanitu. Manong'onong'o anayamba kumbuyo n'kumayenda kubwera kutsogolo.

"Ha! Waimirira?"

"Pamaso pa mlendo! Maso angawa!"

"Mwano wotere sitinauonepo chibadwire."

"Iyayi, a Kamtedza timawadziwa, si khalidwe lawo limeneli," anatero mayi wina wogulitsa nyemba, mokweza kuti zimveke. "Ndi mkaziyo. Anawadyetsa khuzumule."

Basi, maso onse anachoka pa mwamuna n'kutera pa Nazimbiri. Ndipo maso a ife a Pepanitu, tikamuyang'ana munthu tonse pamodzi, amalemera kuposa thumba la chimanga.

"Kwawo n'kuti mayi ameneyu?"

"Sanalangidwe, mukuona nokha."

"Anamkungwi ake anangodya nkhuku zaulere."

"Mayi ake ali pompano, taonani azolika. Chitonzo chotere paukalamba!"

"Nanga kamtsikana kawo kaja, Dolika, adzakakwatira ndani? Nyumba ya amwano imeneyo."

Nazimbiri anamva zonse, poti tinkanena kuti amve. Kumwetulira kuja kunazima. Mayiyu anali atakonzekera chule masiku onsewa, usana ndi usiku, koma anali asanakonzekere ife. Anatembenuka pang'ono, lichero lili pamutu, n'kuona mayi ake okalamba atafunda chitenje kumaso, ndi Dolika ataima pambali pawo, anzake akumusuntha pang'onopang'ono kumusiya yekha. Manyazi anamugwira thupi lonse.

Chimkuzamawu chinakhosomola. "Mfumu yakhumudwa kwambiri," anatero a Kanyambita ali pa lole. "Mlendo wanyozedwa pamaso pa dziko. Kodi m'banja limeneli mulibe ngakhale mmodzi woleredwa, woti n'kupepesa?"

"Amayi, musasunthe," ananong'ona a Kamtedza osatembenuka. "Asiyeni alankhule. Tipita kunyumba."

"Akunena mayi anga, bambo."

"Anene. Paja munati adzanena tili moyo."

"Akunena mwana wanga."

Sitikhulupirira kuti anaganiza. Ndi zinthu zimene thupi la munthu wa kwathu limachita lokha, monga kuphethira. Anatula lichero, anakonza chitenje, anagwada mwaulemu wonse umene anamkungwi ake anamuphunzitsa, n'kuyamba kuomba m'manja.

"Pepani, Olemekezeka, bambowa sanachitire dala. Wolakwa ndi..."

"Nazimbiri, imirira!"

Kwapu!

Pamene panali mayi panatsala lichero ndi mabowo awiri a mawondo m'thope. A Kamtedza anafuna kudziponya pansi kuti agwire ngakhale mwendo, ngakhale nsonga ya chitenje, koma nsungwi zinagwira ntchito imene mkazi wawo anazimangira. Anangoima njo, manja ali m'malere, akuitana dzina lake la paubwana limene anali asanalitchulepo pagulu. Namkwapu anameza, n'kukhalanso phee, osawaona n'komwe.

Ife tinapumira m'mwamba, mitima n'kukhala pansi, poti mwambo unali utakonzedwa. Mayi wa nyemba uja ndiye anayamba kulira, akuti Nazimbiri anali mnzake wa pamtima. Ena anati iwo ankadziwa kale kuti mayiyu ndi woleredwa bwino, pakamwa pokha ndi pamene pankamunamizira. A Kanyambita analengeza kuti banja la Kamtedza lakhululukidwa, ndi kuti msewu wa kumsika udzatchedwa dzina la mayi waulemuyu ukadzamangidwa. Bandi inayambanso kuimba.

A Kamtedza anatembenuka movutikira, mwendo umodzi kenaka unzake, n'kufulatira mlendo wa mfumu. Anakwera kamtunda kaja tang'atang'a mpaka pachingwe pamene tinaima. Chipewa anali atachisiya m'matope. Sanayang'ane mfumu, sanayang'ane lole ya nduna. Anayang'ana ife, mmodzimmodzi, anthu amene anatisokera mawondo zaka zonsezi, ndipo bandi inaleka yokha.

"Mwakhuta?" anafunsa.

Kwathu munthu akakufunsa choncho sumusiya osamuyankha, n'kupanda mwambo. Ndiye apa ndi apo m'gulumo, motsitsa mawu, mitu itazolika, tinayankha.

"Zikomo kwambiri, bambo."